A Zuze ndi belu lawo la moto

A Zuze tawaika m'manda Lachiwiri lapitali. Anthu anabwera, ndisaname, koma anali anthu aja ofika mochedwa n'kumayang'ana dzuwa. Akwaya anaimba nyimbo zitatu, akatekisiti anayamikira malemuwo kuti sankajomba Misa, ndipo mdzukulu wawo wa ku Bangwe anathokoza onse amene anathandiza matabwa a bokosi. Za belu panalibe anatchulapo. Ndinakhala pamphasa pakati pa amayi anzanga, ndikudikira kuti mwina wina aimirira n'kunena kuti munthu tikumukwirirayu anasunga mudzi uno zaka zambirimbiri kuti usapse. Palibe anaimirira. Nanenso sindinaimirire, ndipo chimene chinanditseka pakamwa n'chomwecho chinatseka enawo.

Kwa amene simudziwa kwathu, mudzi wathu uli kumapeto kwenikweni kwa Machinjiri, kumene minibasi imatembenukira kondakitala n'kukuuzani kuti kotsalako muyende wapansi. Tauni tili nayo pafupi, koma nyumba zathu zambiri ndi zaudzu, ndipo kuseri kwake kuli minda ndi tchire. Pakati pa mudzi, pamphambano ya njira yakuchitsime ndi yakutchalitchi, pali mtengo wa mango. Pamtengo umenewo a Zuze anapachika ndi waya chidutswa cha njanji, chotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, chimene anabwera nacho kuchokera ku Limbe kumene ankagwira ntchito yokonza njanji. Pambali pake ankakoleka chibawuti chachikulu choimbira. Limenelo ndiye linali belu lathu. Kulira kwake kunkalowa m'mano, koma linkamveka mpaka kudimba.

Lamulo lake linali limodzi: belu ndi la moto basi. Aliyense ankaloledwa kuliimba, mwana kaya mlendo, bola akhale atauona motowo ndi maso ake. Likalira, wamkulu aliyense ankasiya chimene akuchita n'kuthamanga ndi madzi. Ndipo kuti pasakhale wonamizira kuti madzi analibe, nyumba iliyonse inkasunga ndowa imodzi yodzaza kuseri kwa chitseko, yosamwa, yosachapira, yosaphikira. Tinkaitcha ndowa ya belu.

Ndowa imeneyi ndi imene inandiyambanitsa ndi a Zuze nditangokwatiwa kumene m'mudzi uno. Loweruka lililonse m'mawa ankayenda khomo ndi khomo, atavala jekete lawo lakuda la kunjanji ngakhale dzuwa liswe mtengo, kandodo kali m'manja. Moni ankapereka pambuyo. Ankayamba ndi odi, n'kupisa kandodoko m'ndowa, n'kukayang'anitsitsa ngati adokotala. Chitsime chathu chili kutsidya kwa mtsinje, ndipo m'chilimwe umadikira pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi. Ndiye madzi oti ndavutikira chonchi azingokhala kuseri kwa chitseko ngati mlendo? Tsiku lina ndinachapira matewera, ndowayo n'kuivundikira bwinobwino ndi mbale kuti izioneka ngati muli kanthu.

"Amake Esita," anatero a Zuze ataitukula ndi chala chimodzi, "ndowa yanuyi yadwala chiyani kuti ipepuke chonchi?"

"Madzi sagwa kumwamba mwezi uno, a Zuze. Mukawafuna katungeni nokha."

Ndinkayembekeza kuti akalipa. Iwo anangonyamula ndowayo n'kupita kuchitsime, bambo wa imvi, kukaima pamzere pakati pa amayi. Anabwera nayo pamutu, madzi akukhavukira pajekete, mudzi wonse ukuonerera. Apongozi anga anatha masiku atatu osandiyankhula. Kuyambira pamenepo ndowa yanga sinaumenso, osati poopa moto koma poopa manyazi aja. Ndinadzamva pambuyo pake kuti pafupifupi mkazi aliyense wobwera kumene anadutsa njira yomweyo, ndipo panalibe amene anawatumako kawiri.

Anali Msena wa ku Nsanje, wamtali, wakuda bii, wosadziwa kunong'ona. Chinyanja ankayankhula ngati ife, koma akafuna kukana chinthu ankabwerera kwawo n'kunena kuti "Nkhabe!" Mawu amenewa ankawatchula kawirikawiri moti ana anawapatsa dzina loti a Nkhabe. Chimene anayambira za belu iwo sanachinenepo pagulu. Akazi awo, malemu mayi Ana, ndi amene anandiuza tikusenda nandolo. Akuti a Zuze ali mnyamata kwawo, nyumba inapsa masana muli kamlongo kawo katagona. Akuluakulu onse anali kudimba. A Zuze anakuwa mpaka mawu kutha, koma mphepo inkawomba cha kumudzi ndipo panalibe anamva. Anthu anadzaona utsi denga litagwa kale. N'chifukwa chake ankakonda kunena kuti khosi la munthu ndi lalifupi, silifika kudimba.

Ndipo belulo linkagwiradi ntchito, izi asatsutse munthu. Inenso ndinathamangirako kangapo. Unkangomva ngwe ngwe ngwe, mwendo n'kudzuka wokha. Pofika pamtengo unkapeza woimbayo akuloza kumene kuli utsi, a Zuze ali kale patsogolo. Ankatiimika mozungulira nyumbayo, osalola munthu kuthira payekha, chifukwa ankati ndowa imodzi imangoutsitsimula moto. Tonse tikakonzeka ankakuwa kamodzi kuti, "Thirani!" ndipo madzi onse ankagwa nthawi imodzi. Kenako amuna ankagwetsa udzu ndi mitengo, ife tikuthamangira kumtsinje. Ndisanabwere m'mudzi uno, njira yomweyi inapulumutsa khanda lina dzina lake Filipo, limene a Zuze analitulutsira pawindo mayi ake atapita kuchigayo. Pa ubatizo wa mwanayo iwo ndi amene anaima ngati bambo ake, ndipo Filipo anakula akuwaitana kuti ababa.

Koma munthu wosavuta sanali. Anayambana ndi osaka mbewa amene ankatentha tchire, mpaka kuwalanda makasu. Anayambana ndi amayi otcheza kachasu chifukwa choika moto pafupi ndi nkhokwe. Akatekisiti atapempha kuti belu liziitanira anthu kumapemphero a Lachinayi, a Zuze, Mkatolika wa korona m'thumba, anayankha kuti nkhabe, Mulungu ali ndi belu lake kutchalitchi. Nthawi ya chipani chimodzi anyamata ogulitsa makadi anafuna kuliimba kuti asonkhanitse anthu. A Zuze anaima kutsogolo kwa njanji ija n'kuwauza kuti belu silidziwa kadi. Anyamatawo anawatenga, a Zuze n'kubwera patatha masiku awiri akutsimphina, ndipo za kumeneko sanafotokozepo. Loweruka lotsatira anali pakhomo panga ndi kandodo kawo.

Chimene chinatipweteka ambiri ndi tsiku limene mayi Ana anamwalira. Achibale anati mayi wa belu ameneyu, tiliimbe kamodzi kokha anthu akudimba adziwe. A Zuze, misozi ili m'maso, anakana. Anati belu likanena zinthu ziwiri, munthu amayamba waima n'kuganiza kuti lero likunena chiti, ndipo nthawi yoganizayo ndi imene denga limagwa. Ife amayi tinawanena kumbali kuti mkuluyu mtima wake ndi njanji yomweyo. Ndinali m'gulu la onenawo, ndipo mawu anga sanali otsika.

Kenako kunabwera matipate. Tinavina, ndipo sindikuchita manyazi kuti ndinavina nawo, chifukwa tinatopa ndi kuyankhula monong'ona m'nyumba zathu zomwe. Zipani zonse zinabwera pamtengo paja kudzapempha belu kuti ziitanire msonkhano, ndipo zonse zinalandira nkhabe wofanana, moti chilichonse chinkawanena kuti ndi a chipani chinacho. Iwo ankangoseka. Koma walira mvula walira matope. Pasanathe zaka ziwiri kuba kunafika poti bulangete sukanaliyanika n'kulowa m'nyumba. Nkhuku, mbuzi, mapoto, chimanga chaching'ono m'munda, zonse zinkayenda. Anthu ankadandaula kuti wakuba ukakampereka lero, mawa ukumana naye pamsika akukuseka. Ku Ndirande ndi ku Bangwe tinkamva kuti ayamba kuwaotcha ndi matayala, ndipo tinkati zimenezo ndi za m'tauni.

Tsiku lake linali la m'mwezi wa fumbi, dzuwa lisanafike pamutu. Ndinali ndikupeta chimanga pamene belu linalira. Sindinaganize kanthu. Ndinasenza ndowa n'kuthamanga, maso ali kumwamba kufunafuna utsi. M'njira zonse anthu ankatuluka chimodzimodzi, amayi ndowa pamutu, abambo ndowa m'manja. Utsi kunalibe. Titafika pamtengo tinapeza Filipo, amene tsopano anali bambo wa ana awiri, atagwira chibawuti chija, thukuta lili kamukamu. Pansi panali munthu atamangidwa manja kumbuyo, atamenyedwa kale. Anali wowonda, wosadziwika m'mudzi muno, nsapato ili kuphazi limodzi. Pambali pake panali wailesi ya Filipo ndi bulangete. Anyamata oumba njerwa ndi amene anamugwira akutuluka nazo pawindo.

Tinaima mozungulira, monga tinazolowera kuima, aliyense ndi madzi ake. Wina anabwera akugubuduza tayala. Wina anathamangira kuokala n'kubwera ndi botolo la palafini. Munthu uja ankangonena kuti, "Pepani mabwana, ndili ndi ana," mobwerezabwereza, mawu ake ang'onoang'ono.

A Zuze anafika pomalizira chifukwa anali kudimba, ndipo miyendo inali itayamba kale kuwakana. Anafika ali wefuwefu, keni yothirira ndiwo ili m'manja.

"Moto uli kuti?" anafunsa.

"Madala, khalani pambali," anatero mmodzi wa anyamata a njerwa. "Izi ndi za magaye, sizikukukhudzani."

"Ndafunsa kuti moto uli kuti. Waimba belu ndani?"

"Ndine, ababa," anayankha Filipo, osawayang'ana kumaso. "Tatopa nawo anthu amenewa. Ndimafuna aliyense abwere adzaone."

"Filipo mwananga, wauona moto ndi maso ako?"

Anayankha wina kumbuyo kwa gulu, amene mpaka lero sindimudziwa. Anati, "Muuona pompano, madala."

Tayala anamuveka munthu uja, palafini anamuthira, machesi anakhwatcha. Sindifotokoza zimene ndinaona ndi kumva. Ndinena za a Zuze. Anatembenukira kwa ife, n'kukweza dzanja monga ankachitira nthawi zonse, n'kukuwa kuti, "Thirani!"

Palibe anathira.

Anakuwanso. Anaponya madzi a m'keni mwawo, ndipo anyamata awiri anawagwira mikono n'kuwakokera kumbuyo. Pamenepo anayamba kutiitana mmodzimmodzi ndi mayina, akulimbana ndi owagwirawo. Anaitana a Bonjesi, anaitana amake Joni, anaitana aphunzitsi. Kenako maso awo anandipeza.

"Amake Esita, thirani! Inu, thirani mwanangu!"

Ndowa inali pamutu panga, yodzaza mpaka m'milomo, ndipo munthuyo anali pafupi ngati pano ndi pakhomo apo. Ndinayang'ana pansi. Ndakhala ndikudziuza zaka zonsezi kuti ndinkaopa kuti anyamata aja anena kuti ndili kumbali ya akuba, ndipo manthawo analipodi. Koma panalinso china. Mwezi wapitawo anali atandibera mbuzi ziwiri zimene ndinkasungira fizi ya Esita, ndipo mtima wanga unali wakuda. Ndinkafuna wina alipire, ngakhale sindinkadziwa ngati anali yemweyu. Ndikuchita manyazi polemba izi, ndipo manyazi ake saphwa.

Zitatha tinabalalika mwakachetechete, aliyense ndi madzi ake. Ndinafika kunyumba, n'kutula ndowa ija kuseri kwa chitseko pamalo pake, osatayikako ngakhale dontho. A Zuze anatsala pamtengo paja okha. Anavula jekete lawo la kunjanji n'kufunditsa mtembowo, ndipo anakhala pambali pake akuingitsa agalu mpaka galimoto ya apolisi inabwera kudzautenga dzuwa litapendeka. Apolisiwo atafunsa amene anachita zimenezi, mudzi wonse unati unali kudimba. A Zuze anangoti ndi tonse, ndipo ofunsawo anaona ngati nkhalambayo yasokonezeka.

M'mawa mwake anachotsa chibawuti chija pamtengo n'kumayenda nacho m'thumba. Sizinathandize, chifukwa njanji imalira ngakhale ndi mwala. M'chaka chomwecho belu linaliranso katatu kapena kanayi, konseko chifukwa cha akuba. Mmodzi anathawa, wina anathyoledwa miyendo, ndipo wina anapezeka kuti anali mlendo wofunsa njira. Abambo anazolowera kuti likalira atenge chikwanje kapena chibonga. Ife amayi tinazolowera kukokera ana m'nyumba n'kutseka chitseko kuti asaone. A Zuze ankayendabe Loweruka ndi kandodo kawo, koma makomo ambiri sankawayankha odi. Ankawaopa maso. Filipo akawaona m'njira ankakhotera m'chimanga.

Chilimwe chotsatira, masana dzuwa lili pamutu, nyumba ya mayi Dorika inagwira moto. Anali mayi wokalamba, wosaona bwino, amene ankakhala ndi mdzukulu wake kumapeto kwa mudzi, ndipo tsikulo mdzukuluyo anali atapita ku Limbe. A Zuze ndi amene anaona utsi. Anatsimphina mpaka pamtengo, n'kutulutsa chibawuti chawo, n'kuimba monga sanaimbirepo. Ine ndinamva. Ndinagwira Esita ndi mng'ono wake, n'kulowa nawo m'nyumba, n'kupiringidza chitseko, ndowa yodzaza ili pambali pa mwendo wanga. Ndinati agwiranso wina.

Abambo anathamangira pamtengo ndi zikwanje zawo. Amene analipo amati woyamba kufika anafunsa kuti, "Ali kuti? Walowera kuti?" A Zuze anangoloza utsi ndi chibawuti chija. Abambowo anaima kaye, n'kuyang'anana, n'kuyang'ana zimene zinali m'manja mwawo. Kenako anabalalika kubwerera m'makomo kukatenga madzi, ndipo ambiri anakapeza ndowa zili zouma kapena muli zovala zonyika. Pamene tinkafika kwa mayi Dorika ndi timadzi tathu, denga linali litagwa kale. Anawapeza pafupi ndi chitseko.

Pamaliro a mayi Dorika panayankhulidwa zambiri. Anthu anagwirizana kuti kuyambira tsopano belu libwerere ku moto, ndipo la akuba likhale wisulo. Kwa mwezi umodzi ndowa zinadzaza. Koma belu litaliranso tsiku lina, moto wa osaka mbewa utayandikira nkhokwe, ndinaona ndi maso anga anthu ataima pamakomo pawo akufunsana kuti kodi ndi chiyani, ena atagwira ndowa, ena chikwanje, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe. Nkhokwe ziwiri zinapsa. A Zuze sanakalipe tsiku limenelo. Anakhala pamuzu wa mango uja nthawi yaitali, kenako anapita kwawo, ndipo Loweruka lotsatira sanayende.

Zaka ziwiri zomalizazi anafooka msanga. Ankakhala pakhonde atafunda chitenje cha malemu akazi awo, akuyang'ana kumapiri kumene tchire linkapsa. Ankati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo sankawonjezerapo kanthu. Mwezi wathawu, atadziwa kuti akupita, anayamba kuitana anthu mmodzimmodzi kuti awasiyire chibawuti chija. Aphunzitsi anati akusamukira ku Chilomoni. A Bonjesi anati msana. Filipo sanabwere n'komwe, anangotumiza shuga. Ine anandiitana pomalizira, nditawapititsira phala.

"Amake Esita, inu ndowa yanu sinkauma," anatero, n'kutulutsa chibawuticho pansi pa pilo. "Tengani ichi. Sichilemera."

"A Zuze, ine ndine mayi. Ndani angandimvere?"

"Si za kumvera. Mukaona moto muziimba, basi."

"Nanga akabwera ndi zikwanje?"

Ndinkayembekeza nkhabe wawo uja, kuti andikalipire, andiuze kuti anthu adzabwera ndi madzi. Sanatero. Anangochibwezera pansi pa pilo pang'onopang'ono, n'kunena kuti phala lazizira. Za tsiku lija pamtengo sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi, ndipo ine sindinapepesepo. Ndinatuluka ndikulira, koma chibawuticho sindinatenge. Kumene chinapita atamwalira sindikudziwa.

Dzulo ndinadutsa pamphambano paja pochokera kuchitsime. Njanji ija idakapachikika. Waya wake walowa m'khungwa la nthambi moti sungamasule popanda kudula, ndipo m'mphako ya mtengowo mavu amanga chisa. Pansi pake udzu wamera mpaka m'mawondo, chifukwa amayi amene ankagulitsapo tomato anasamukira kumsewu kalekale ndipo ana amazungulira patali. Mango akagwa amaolera pomwepo. Mbali ya kum'mawa kuli zikhomo zinayi zopaka laimu: malowo agulidwa ndi bambo wina wa ku Chinyonga amene akufuna kumanga nyumba ya mpanda, ndipo akuti mtengowo audula kuti aotchere njerwa. Ndinatula ndowa n'kuima pang'ono. Mphepo yotentha yayamba kale, tchire lauma mpaka kuseri kwa nkhokwe, ndipo denga langa ndi laudzu. Likadzagwira moto, njanjiyo ili pafupi, miyala ilipo yambiri, ndingathe kufikapo ndisanapume kawiri. Koma ndikudziwa kuti sindidzaiimba. Ndidzaima pabwalo panga n'kukuwa ndi khosi langa lomweli, ndipo adzamve ndi amene ali pafupi.